CHENJEZO: Musataye Mankhwala a Shuga Chifukwa cha Zitsamba

Inu a ku Lundazi, Lumezi ndi Chasefu amene muli ndi matenda a shuga, ndi inu amene mumasamalira odwala, tcherani khutu. Palibe tsamba, muzu kapena khungwa lodziwika kuti limachiza shuga n'kutheratu. Wina akakugulitsani botolo pamsika, m'basi ya ku Chipata kapena pa WhatsApp, n'kukuuzani kuti mutaye mapiritsi ndi jakisoni, musamumvere ngakhale atalumbira motani.

Sindikunyoza mitengo ayi. Metformin amene ambiri mumalandira kuchipatala gwero lake ndi chomera cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis, ndipo madokotala anayamba kumupereka ku France mu 1957. Koma iyeyo anayesedwa, mlingo wake umadziwika. Nanga madzi a nimu, a masamba a mango kapena a aloe vera owiritsidwa mumphika, mlingo wake akudziwa ndani? Lero atuluka aukali, mawa ndi madzi chabe. Chamwamba dyani ngati ndiwo, n'chabwino, koma sichilowa m'malo mwa insulin.

Mukasiya mankhwala, shuga amakwera mwakachetechete uku akuwononga maso, impso ndi mapazi. Wodalira insulin, makamaka mwana, akangoleka jakisoni akhoza kukomoka m'masiku ochepa chabe. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kusanza, kupuma mofulumira ndi kuwodzera zikayamba, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala chachikulu cha ku Lundazi kapena chipatala chimene muli nacho pafupi.

Kuphatikiza zitsamba ndi mapiritsi monga glibenclamide nako kungagwetse shuga kwambiri. Munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka mutu. Ngati akutha kumeza, mumwetseni madzi osungunuliramo shuga nthawi yomweyo. Ngati wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa, munyamuleni mupite naye kuchipatala.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi zilonda za kumapazi. Kachilonda kamene namwino akanakatsuka kamamatidwa masamba osinja kwa milungu, mpaka munthu kutumizidwa ku Chipata Central Hospital mwendo utawola kale.

Ngati mukumwa kale zitsamba, musabise. Tengani botololo, kalisonyezeni kwa adokotala, ndipo akuyezeni shuga. Ogulitsa mabotolo opanda dzina la wopanga akanenedwe ku Zambia Medicines Regulatory Authority, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, kapena kwa ogwira ntchito zaumoyo a m'dera lanu.