Klorini m'madzi akumwa: zomwe muyenera kudziwa pa mankhwala otsalira

Mliri wa kolera umene unayamba ku Malawi mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo mu 2023 ndi 2024 matendawa anasautsanso Zambia ndi Zimbabwe. Pofuna kuthana nawo, azaumoyo akhala akulimbikitsa kuthira klorini m'madzi akumwa. Mwina munamvapo kuti klorini amasiya mankhwala oipa m'madzi. Nkhaniyi ili ndi choona chake, koma muyenera kuimvetsa yonse.

Madzi a m'mitsinje ndi m'madamu amakhala ndi zotsalira za masamba ndi zomera zowola. Klorini akakumana nazo, pamapangika mankhwala otchedwa trihalomethanes, monga chloroform. Katswiri wina, Johannes Rook, anazindikira zimenezi mu 1974 m'madzi a mumzinda wa Rotterdam. Mankhwalawa amachuluka madzi akakhala akuda, kukatentha, ndiponso madzi akakhalitsa m'mapaipi. Kafukufuku wina akusonyeza kuti kuwamwa ochuluka kwa zaka zambiri kungawonjezere pang'ono chiopsezo cha khansa ya chikhodzodzo. N'chifukwa chake bungwe la WHO linaika malire a mamaikirogalamu 300 a chloroform pa lita imodzi.

Njira zina nazo zili ndi zovuta zake. Chloramine amapanga trihalomethanes ochepa, koma angasiye mankhwala otchedwa NDMA. Ozone amapanga bromate ngati m'madzimo muli bromide. Kuwala kwa UV sikusiya zambiri, koma madzi akangochoka pamakinawo sakhalanso ndi chitetezo. Klorini amatsalako pang'ono n'kumateteza madzi m'mapaipi ndi m'ndowa yanu.

Bungwe la WHO limanena mosabisa kuti kuopa mankhwala otsalirawa kusalepheretse kupha tizilombo m'madzi. Kolera angaphe munthu m'maola ochepa, pamene chiopsezo cha mankhwalawa n'chaching'ono ndipo chimatenga zaka.

Choncho musasiye klorini, koma chepetsani zinyalala zimene amakumana nazo. Ngati madzi ndi odetsedwa, asiyeni akhazikike, kenako asefeni ndi nsalu yoyera musanathire mankhwala. Tsatirani mlingo wolembedwa pabotolo la WaterGuard kapena umene mlangizi wa zaumoyo wakuuzani, osapyola. Dikirani mphindi 30 musanamwe, ndipo sungani madziwo m'chiwiya chovindikira. Mabungwe ogawa madzi nawonso ali ndi udindo wosefa bwino asanathire klorini, ndipo muli ndi ufulu wowafunsa zotsatira za kuyeza madzi anu.