Dzuwa la ku Lisungwi litenthetse madzi a odwala

Aliyense amene anapondako ku Zalewa kapena ku Lisungwi mwezi wa Okutobala akudziwa mmene dzuwa limaswera mtengo kumunsi kwa Neno. Komabe m'zipatala zambiri m'dziko muno, gadiyani akafuna madzi oti mayi amene wangochira asambe, amasonkha moto pamafuwa kapena kugula makala. Makalawo ndi omwe akumeta mapiri a Neno, ndipo dothi lokokoloka limakathera mu Shire n'kumasokoneza makina opangira magetsi a EGENCO ku Nkula, m'boma lomweli.

Ife tikuti kutentha kumene zipatala zili nako kale kugwire ntchito.

Chipatala chokhala ndi fiyeta, labotale ndi chipinda chosungira mankhwala chimafunika makina oziziritsa m'chipinda. Makinawa amatola kutentha kwa m'kati n'kukakutaya panja, n'chifukwa chake ukaima pafupi ndi bokosi lake lakunja umawombedwa ndi mpweya wamoto. Gasi wotuluka mu kompuresa amakhala wotentha kwambiri. Paipi yake ikadutsitsidwa pa kachipangizo kopatsira kutenthako ku madzi, madzi olowa m'thanki amafika atafunda kale, ndipo makinawo amapepukidwa ntchito. Kenako sola yotenthetsa madzi yapadenga, ya machubu agalasi ija, imamalizitsa. Giza yamagetsi imangothandizira kukachita mitambo.

Pali zofunika kusamala. Magetsi akathima makina oziziritsa amaima, choncho thanki iyenera kukhala yaikulu ndi yokutidwa bwino kuti madzi afike m'mawa asanazizire. Madzi osungidwa azifika madigiri 60, chifukwa m'madzi ofunda chabe mumaswana tizilombo ta legionella toyambitsa chibayo, ndipo m'chipatala zimenezi si zoseweretsa. Komanso njirayi si ya paliponse. Kumtunda, ku Dambe, Juni ndi Julayi kumazizira moti palibe angayatse makina oziziritsa. Kumeneko sola payokha ndiyo ingathandize. Malo oyenera kuyambira ndi chipatala cha Lisungwi, kumene kutentha n'kosasowa.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi kukonza. Zipangizo zambiri zabwino m'dziko muno zinafa chifukwa chosowa munthu wodziwa kusintha vavu imodzi. Ntchitoyi ikamayamba, achinyamata a ku Neno komweko ophunzira za mapaipi ndi mafiriji aphunzitsidwe kuisamala, ndipo ndalama zogulira zipangizo zosinthira zikhale mu bajeti kuyambira tsiku loyamba.

Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo ku Neno kuyambira 2007, choncho pali poyambira. Tikupempha khonsolo ya Neno, undunawu ndi bungweli kuti ayese njirayi pa wodi ya amayi oyembekezera ku Lisungwi, awerengetse magetsi ndi nkhuni zimene zapulumuka m'chaka chimodzi, kenako auze mtundu wa Amalawi zimene apeza.