William Kamkwamba sanafike ku Dartmouth pa mphepo yokha

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga kuno ku Chitedze, lero ndili ndi mlandu ndi filimu. Ndi ija ya The Boy Who Harnessed the Wind, imene Chiwetel Ejiofor anatulutsa mu 2019 ndipo inafala kudzera pa Netflix. Ndi filimu yabwino, anaijambula konkuno ku Malawi, ndipo Chichewa chathu chikumvekamo. Koma yasokoneza zaka m'mitu ya ana, ndipo ife akuluakulu tikuthandiza kusokonezako.

Mwana akaonera amatuluka ndi nkhani iyi: mnyamata wachotsedwa sukulu chifukwa cha fizi, walowa m'laibulale, wamanga makina oyendera mphepo, madzi atuluka, munda wabiriwira, njala yatha. Kenaka timizere tingapo pa mapeto tikuti anakaphunzira ku South Africa ndi ku America. Mwanayo amaganiza kuti zonsezi zinachitika m'nyengo imodzi ya dzinja. Ndiye ndamvapo olankhula pa misonkhano ya achinyamata akuti, "Taonani William, sukulu anaisiya koma anatchuka." Bodza limeneli ndi loopsa, tiyeni tiliwongole ndi zaka zake.

William anabadwa mu 1987, kwawo ndi ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 mpaka 2002 itavuta, makolo ake analephera kulipira fizi ya pafupifupi madola 80 pa chaka ku sekondale ya Kachokolo, ndipo anasiya akadali mu Fomu 1. Buku lotchedwa Using Energy analipeza mu kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe. Mu 2002, ali ndi zaka 14, anamanga makina ake oyamba ndi njinga yakale, dayinamo, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugamu.

Apa mpamene filimu yapotoza. Makina oyambawo sanapope madzi, ndipo sanathetse njala. Anayatsa mababu ndi wailesi pa nyumba ya makolo ake, basi. Mpope wa madzi unabwera pambuyo pa 2007, anthu akufuna kwabwino atathandiza ndi ndalama.

Nanga pakati pa 2002 ndi 2007 William anali kuti? Anali pa mudzi, akulima. Zaka zisanu zathunthu kunja kwa kalasi! Anzake amene anayamba nawo Fomu 1 anafika polemba MSCE iye akadali ndi khasu m'manja. Zinthu zinasintha kumapeto kwa 2006 pamene Dr. Hartford Mchazime anakaona makinawo n'kuitana atolankhani, nkhani n'kutuluka mu Daily Times. Mu 2007 anakalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, ku Tanzania, ali ndi zaka 19. Chaka chomwecho anabwerera m'kalasi, n'kudzaphunzira pa African Bible College Christian Academy ku Lilongwe. Mu 2008 analowa African Leadership Academy ku Johannesburg, mu 2010 anapita ku Dartmouth College ku America, ndipo digiri anailandira mu 2014 ali ndi zaka 26. Werengani nokha: kuchokera pa makina oyamba kufika pa digiri ndi zaka 12.

Ena mundiuza kuti, "Aphunzitsi, filimu si buku la History. Maola awiri sangakwane zaka 12." Ndikuvomera. Opanga mafilimu amatero kulikonse. Filimu ya masewero ija ya Rudy ya mu 1993 imaonetsa ngati mnyamata anangochoka ku fakitale n'kupita ku koleji, osatchula kuti Rudy Ruettiger weniweni anayamba wakhala msilikali wa pamadzi, ndipo pamene ankasewera mpira wa ku America ku Notre Dame mu 1975 anali ndi zaka 27. Wopanga filimu ntchito yake ndi kusangalatsa oonera. Koma ife ntchito yathu ndi kuphunzitsa, ndiye tilibe chifukwa chobwerezera zopotokazo pa asembule ngati kuti ndi mbiri.

Choipa chake ndi ichi. Mtsikana wa ku Nsaru kapena mnyamata wa ku Kabudula amene wasowa sopo ndi makope akamva kuti luso lokha ndi lokwanira, amasiya sukulu mtima uli m'malo, kudikira kuti tsiku lina galimoto ya atolankhani idzaima pakhomo pawo. Siidzabwera. William mmodzi anapezedwa. Anzake angati a njala ya 2002 anathera m'minda ya fodya osabwereranso? Ndipo iye mwini, mwayi utangopezeka, sananene kuti sukulu ndi yosafunika. Anabwerera pa desiki ali wamkulu kale, n'kukhalapo zaka zisanu ndi ziwiri.

Filimu imapangitsanso akuluakulu kugona tulo. Ngati mwana wanzeru angadzipulumutse yekha ndi zitsulo za pa dzala, ndiye za mabasale tivutikirenji? Za laibulale pa CDSS tivutikirenji? Chonsecho popanda kalaibulale ka ku Wimbe kaja nkhani yonseyi sikanakhalapo.

Pempho langa ndi lapafupi. Filimuyi muzionetsa ana, musasiye. Koma ikatha, tengani choko mulembe pa bolodi: 2002, 2006, 2007, 2008, 2010, 2014. Afunseni anawo kuti pa chaka chilichonse chinachitika n'chiyani, ndipo ndani anathandiza. Buku limene William analemba ndi Bryan Mealer mu 2009 likapezeka, awerengereni mitu ya zaka zimene anakhala pakhomo.

Inu ana anga amene tsopano muli pa ntchito ku Lilongwe ndi ku Joni, mukadzabwera ku mudzi musadzauze azing'ono anu kuti William anasiya sukulu. Mudzawauze kuti umphawi unamuchotsa, ndipo anamenya nkhondo zaka zisanu kuti abwererenso. Ndipo ngati thumba likulola, gulani buku limodzi mudzasiye pa sukulu imene munaphunzira.