Nyemba za m'chitini zinatsala pang'ono kundilanda mwana

Mwezi wathawu ndinakangana ndi mwana wanga wa zaka 8 chifukwa cha nyemba. Ndinali nditaphika kholophethe amene mlamu wanga anatibweretsera kuno ku Manchester kuchokera ku Dedza, wothira matimati ndi anyezi monga timachitira kwathu. Mwanayo anangoyang'ana m'mbale n'kunena kuti, "Amayi, izi si nyemba zenizeni." Kwa iye zenizeni ndi za m'chitini, zotsekemera zija, zomwe Angelezi amapaka pabuledi wowotcha.

Nditawafotokozera mayi anga pafoni, iwo sanaseke. Anati, "Iwe, mu Disembala mukubwera kuno. Mdzukulu wangayo adzadya chiyani? Ukudziwa kuti ndiwo za pakhomo pano ndi nyemba." Mawuwo anandilasa mtima. Ndinaona mwana wanga atakhala pamkeka kwa agogo ake, akukankha mbale anthu akuona.

Kukalipa ndinayesa, sikunathandize. Ndiye ndinaganiza zophika ndekha nyemba zomwe iye amazikondazo, koma ndi kholophethe wathu yemweyo.

Kaphikidweka si ka Angelezi kwenikweni. Kanakula ku America, makamaka mumzinda wa Boston, kumene Akhristu akale a kumeneko ankaika mphika wa nyemba pamoto Loweruka kuti asagwire ntchito yophika Lamulungu. Ankathiramo nyama ya nkhumba yamchere ndi molasesi, madzi akuda otsekemera otsala akamapanga shuga kuchokera ku nzimbe. Ngakhale nyemba zoyera zomwe zili m'zitini za kuno, zambiri zimachokera ku America ndi Canada.

Ndinachita chonchi. Madzulo ndinaviika theka la kilogalamu ya nyemba m'madzi ambiri. M'mawa ndinataya madziwo, n'kuthira ena, n'kuziwiritsa mwamphamvu kwa mphindi 10. Apa musachite ulesi, makamaka ngati nyemba zanu ndi zofiira ngati za Phalombe: nyemba zosawira bwino zili ndi poizoni amene amapotokola m'mimba ndi kusanzitsa. Kenako ndinachepetsa moto mpaka zinafewa, koma osaphwanyika. Matimati ndi shuga musathire nyemba zisanafewe, chifukwa zimalimbitsa khungu lake ndipo mudzatha makala pachabe.

Mumphika wina wochindikala ndinakazinga magalamu 200 a bekoni wodula tizidutswa. Bekoni ndi nyama ya nkhumba yothira mchere, nthawi zambiri yofukiza utsi, ndipo imatulutsa yokha mafuta, choncho ena sindinathire. M'mafuta omwewo ndinakazinga anyezi awiri mpaka atafiirira, n'kuonjeza matimati asanu osenda, masupuni awiri a shuga wabulawuni, supuni imodzi ya viniga ndi tsabola pang'ono. Mchere ndinadikira kulawa kaye, poti bekoni ali nawo kale wambiri. Ndinathiramo nyemba zija ndi msuzi wake wongokwanira kuziphimba, n'kuvundikira, n'kuika mu uvuni pa madigiri 150 kwa maola awiri ndi theka. Pakati pake ndinkasuzumira, ndikaona kuti zikuuma n'kuthira timadzi totentha. Theka la ola lomaliza ndinavundukula kuti pamwamba papsereze pang'ono ndipo msuzi ukhale wolemera.

Inu amene mulibe uvuni musadandaule. Mbaula imakwanira: makala ochepa pansi, ena pachivundikiro, monga tiphikira chigumu. Abale athu amene sadya nkhumba angathe kuikamo nyama ya ng'ombe yowamba, yamafuta pang'ono, chifukwa chofunika ndi fungo la utsi lija. Ndiwo zimenezi sizifuna phuma. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Fungo litadzaza nyumba, mwana uja anatsika yekha osaitanidwa. Sindinamuuze kuti ndi kholophethe yemwe anamukana uja. Ndinamuikira pabuledi, ife ndi bambo ake tikudyera nsima. Anamaliza, napempha zina. Buledi atatha, anatema nsima pang'ono m'mbale ya bambo ake n'kusunsa mu msuzi. Apo m'pamene ndinamuululira. Anakhala chete kaye, kenako anafunsa kuti, "Ndiye agogo amalima zimenezi?" Ndinamuuza kuti inde, pakati pa mizere ya chimanga, ndipo akadzapita adzamuonetsa munda wake.

Sindikunamizeni kuti zonse zatheka. Nyemba zophika chikwathu akudyabe monyinyirika, ndipo za m'chitini sanazisiye. Koma sabata iliyonse ndikuchepetsa shuga mumphika muja, ndipo mpaka pano sanazindikire. Lamulungu lapitali ndinathira supuni imodzi yokha.

Makolo anzanga amene mukulera ana kunja, kaya ku Johannesburg, ku Harare kapena kuno, ndikudziwa kuti nkhondo ya patebulo imeneyi mukuidziwa. Mwana amakonda chomwe wazolowera, ndipo kumunyoza kuti wasanduka mzungu kumangomuthamangitsa. Yambirani pa chomwe iye amadya, muzimukokera kwanu pang'onopang'ono.

Mayi ndawauza kuti asunge ndowa ya kholophethe. Iwo akuti shuga m'nyemba zawo salowa, ndipo ndisayerekeze. Za Disembala ndidzakuuzani tikabwerako.