ZA IWO AMENE AKHALIRA MAPEMPHO A ANTHU

Kwa Mafumu athu olemekezeka, ndi kwa ziwalo zonse za Msonkhano.

Pali mawu amene ayamba kumveka pakati pathu, ndipo sitifuna kuti afike pa msonkhano ulinkudzawu osayankhidwa. Ena akuti mfumu yanzeru isunga dandaulo la anthu ake m'thumba, kuopa kuipitsa dzina lake kwa akulu a Boma. Akutinso kulemba pempho ndicho chiyambi cha kupanduka; ndipo pofuna kutitseka pakamwa atilozera ku England, nati Angerezi anakula chifukwa cha kumvera kopanda kudandaula. Popeza iwo eni atchula England, tiyeni tipite komweko, m'zaka za m'ma 1500, tikaone ngati mbiri iwavomereza. Ife tinena kuti iwatsutsa, ndi kuti mwazi umene unakhetsedwa m'dziko lija ulemera pa iwo amene anakhalira mapempho koposa pa iwo amene anawalemba.

Poyamba tidziwe m'mene dzikolo linalamulidwira. Mfumu ya ku London masiku amenewo inalibe khamu lalikulu la asilikali olembedwa ntchito chaka chonse, ndipo inalibe apolisi monga tiwadziwa ife. Gulu lalikulu la apolisi a ku London linayamba m'chaka cha 1829. Lamulo likatuluka m'nyumba ya mfumu linayenda ndi miyendo ya anthu a m'madera momwemo. M'chigawo chilichonse munali oweruza otchedwa Justices of the Peace, ndiwo eni minda oikidwa m'dzina la mfumu. Ndipo lamulo linati munthu asakhale pa udindowo ngati minda yake simpindulira mapaundi 20 pa chaka. Analibe malipiro a pamwezi. Anasonkhana kanayi pa chaka kudzaweruza milandu, ndipo pansi pawo panali akapitao a m'midzi ogwira olakwa, iwonso osalipidwa. Anthu amenewa ndiwo anali maso ndi makutu a mfumu. Akanena zoona, mfumu inadziwa. Akabisa, inakhala mumdima. Mafumu athu, malo otere muwadziwa bwino, pakuti inunso muima pakati pa anthu ndi Boma.

Tsono taonani chimene chinachitika pamene anthu a pakatiwa anagwira ntchito yawo. M'chaka cha 1525 Mfumu Henry VIII inafuna ndalama zokathira nkhondo dziko la France, popeza mfumu ya kumeneko inali itagwidwa pa nkhondo ya ku Pavia. Nduna yake yaikulu, Thomas Wolsey, inalamula chopereka chimene Nyumba ya Malamulo sinavomereze: anthu wamba apereke gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a chuma chawo, ansembe gawo limodzi mwa atatu. Anachipatsa dzina lokoma, Amicable Grant, ngati kuti ndi mphatso ya chibwenzi; chonsecho anthu anali asanatsirize kupereka msonkho wa 1523. Ku Suffolk, dziko la oomba nsalu zaubweya, eni ntchito anati akapereka ndalamazo alephera kulipira antchito awo, ndipo amuna zikwi zingapo anasonkhana pafupi ndi mudzi wa Lavenham.

Akulu awiri a deralo, Thomas Howard, Duke wa Norfolk, ndi Charles Brandon, Duke wa Suffolk, akanatha kulembera ku London kuti zonse zili bwino, kupatula anthu ochepa amwano. Sanatero. Anapita, namva anthuwo, nalemba kuti umphawi wawo ndi weniweni ndipo kuwakakamiza kudzabala zoopsa. Ku Kent nakonso Bishopu Wamkulu William Warham analembera Wolsey, osabisa, kuti anthu sakufuna ndipo alibe. Zotsatira zake, m'mwezi wa May chaka chomwecho choperekacho chinalekedwa, mfumu inati sinadziwe kukula kwake, ndipo atsogoleri a anthuwo atawafikitsa ku bwalo la Star Chamber anawakhululukira. Panalibe nkhondo. Tifunsa iwo otiuza kuti mfumu yanzeru ikhala chete: akulu awiriwa anataya kodi dzina lawo? Iai, anapulumutsa mfumu yawo ku cholakwa chake.

Koma pasapezeke wina woganiza kuti kunyamula pempho kokha kukwanira, pakuti Duke wa Norfolk yemweyo atiphunzitsanso choipa. M'chaka cha 1536 anthu a kumpoto kwa England, okwana ngati 30,000, anadzuka motsogozedwa ndi Robert Aske, munthu wodziwa malamulo, kudandaula za kutsekedwa kwa nyumba za amonke, za misonkho, ndi za aphungu a mfumu. Analemba mfundo 24 ku Pontefract. Norfolk, pokhala ndi asilikali ochepa, anakumana nawo ku Doncaster m'mwezi wa December, nawalonjeza chikhululukiro, ndi kuti Nyumba ya Malamulo idzakhala kumpoto komweko kumva nkhani zawo. Koma iye anali atalembera kale mfumu kuti zimene adzalonjeza sadzazisunga. Mfundo zija sizinavomerezedwe ndi chidindo. Anthu anabalalika atanyamula mawu a pakamwa. Nyumba ya Malamuloyo sinakhale konse. Pamene ena ochepa anadzukanso m'mwezi wa January 1537, mfumu inapezerapo chifukwa. Anthu ngati 200 anaphedwa, ndipo Aske anapachikidwa ku York m'mwezi wa July. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mkhalapakati wonyamula bodza kutsika nalo kwa anthu aononga monga wokana kukwera nacho choona.

Tifike tsopano pa mlandu waukulu, wa chaka cha 1549, umene tipempha kuti uwerengedwe mosathamanga. Eni minda ambiri anayamba kutchinga ndi mipanda malo odyetsera ziweto a mudzi wonse, ndi kudzazamo nkhosa zawo chifukwa ubweya unali ndi mtengo. Wosauka anasowa podyetsa ng'ombe yake imodzi. Malamulo oletsa zimenezi analipo kale, ndipo m'chaka cha 1548 Edward Seymour, Duke wa Somerset, amene analamula m'malo mwa mfumu yaing'ono Edward VI, analengeza kuti kutchingako kufufuzidwe, natuma John Hales ndi anzake. Koma ndani akanakwaniritsa lamulolo? Oweruza a m'zigawo, amene ambiri a iwo ndiwo anali eni mipandayo, kapena abale ndi abwenzi awo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

M'mwezi wa July 1549 anthu a ku Wymondham, m'chigawo cha Norfolk, anayamba kuzula mipanda okha. Wina wodziwa malamulo, John Flowerdew, anawapatsa ndalama kuti asiye yake akazule ya Robert Kett, mwini minda ndi wofufuta zikopa. Kett anavomera kuti analakwa, nathandiza kuzula mpanda wake womwe, nawatsogolera ku chidikha cha Mousehold, kunja kwa mzinda wa Norwich, kumene anthu ngati 16,000 anamanga misasa kwa masabata oposa asanu ndi limodzi. Anasankha oimirira madera awo, naweruza milandu pansi pa mtengo waukulu, nachita mapemphero, nalemba pempho la mfundo 29 kwa mfumu, limene Thomas Codd, mkulu wa mzinda wa Norwich, anasainanso.

Ndipo anapempha chiyani opandukawa? Kuti eni minda aleke kudyetsa ziweto zawo pa msipu wa onse. Kuti mtengo wobwerekera minda ubwerere monga unalili m'chaka choyamba cha Henry VII, ndicho 1485. Kuti muyeso wa dzinthu ukhale umodzi m'dziko lonse. Kuti wansembe wosatha kulalikira achotsedwe, ndipo ana a osauka aphunzitsidwe. Kuti amene anali akadali muukapolo wa eni minda amasulidwe. Ndipo mfundo imene tiikirapo chala chathu ndi iyi: anapempha kuti mfumu ipatse mphamvu anthu osankhidwa ndi iwo eni, kuti aukitse malamulo abwino amene oweruza ndi akapitao a Boma anawabisa kwa osauka. Sanafune kuchotsa mfumu. Anafuna kuti lamulo la mfumu lifike kumudzi, popeza amene analipatsidwa kuti alifikitse analikhalira.

Otsutsana nafe adzati: koma anthuwa anatenga zida, anakana chikhululukiro chimene mthenga wa mfumu anadza nacho, analanda Norwich, napha Lord Sheffield pothamangitsa asilikali oyamba. Zoona, ndipo ife sitiyamikira zida. Amene aziyamikira awerenge mathero ake. John Dudley, Earl wa Warwick, anadza ndi asilikali oposa 10,000, pamodzi ndi olipidwa ochokera ku Germany, ndipo pa 27 August, pa malo otchedwa Dussindale, anthu ngati 3,000 anagwa. Kett anapachikidwa pa linga la Norwich pa 7 December. Somerset mwini anachotsedwa pa udindo m'mwezi wa October. Koma tifunsa: chinayamba nchiyani, msasa wa ku Mousehold kapena kukhala chete kwa oweruza? Chikhala kuti oweruza a ku Norfolk anachita mu 1548 monga akulu aja anachitira mu 1525, kukanakhala chiyani choti anthu 16,000 akachigonere pa chidikha? Pempho silibala chipanduko. Chipanduko chibadwa pamene njira ya pempho yatsekedwa. Ndipo Angerezi eni anaweruza mlanduwu pambuyo pake, pakuti m'chaka cha 1949 anthu a ku Norwich anaika chikumbutso cholemekeza Kett pa linga lomwelo anam'pachikapo.

Chotero mawu akuti England inakula ndi kukhala chete ndi mawu a munthu amene sanawerenge, kapena amene apindula ndi kukhala chete kwa ena. M'dziko lija munali ngakhale bwalo lapadera, Court of Requests, lomvera madandaulo a osauka, chifukwa mafumu ake anadziwa kuti wolamula wosamva madandaulo alamula ali wakhungu. Kwathu kunonso makolo anati mfumu ndi kudzala, kutanthauza kuti zonse za mudzi, zokoma ndi zonyansa, zitayidwa kwa iye. Mfumu yobweza dandaulo pakhomo yakana ufumu wake womwe. Ndipo inu ziwalo zinzathu, mlandu uwu ndi wathunso, pakuti kalata igona m'kabati ya mlembi monga igona m'thumba la mfumu.

Pa chifukwa ichi tiika patsogolo panu mfundo zinayi, kuti mudze mutazilingalira:

1. Pempho lililonse lofika ku Msonkhano lilembedwe m'buku, ndi tsiku limene linafika, ndi dzina la amene wapatsidwa kulinyamula.

2. Wonyamulayo afotokoze pa msonkhano wotsatira kumene analipereka ndi chimene anayankhidwa.

3. Yankho lipemphedwe lolembedwa ndi losainidwa, liwerengedwe pamaso pa eni dandaulo. Nkhani isatsekedwe pa lonjezo la pakamwa.

4. Munthu amene dandaulo lim'khudza, kapena mbale wake, asakhale wolinyamula kapena woliweruza.

Amene aona cholakwa m'mfundozi adze adzatitsutse poyera, ndipo tidzamumvera ndi ulemu wonse. Tipempha Mafumu athu kuti kalata iyi iwerengedwe kwa anyakwawa ndi akulu a m'midzi yawo tsiku la msonkhano lisanafike.

Ndife atumiki anu,

Mlembi, m'malo mwa Komiti ya Msonkhano.