Kalata yonyezimira yafika kwa Nyachikadza

Sabata yatha ndinaoloka Shire pa bwato kupita kwathu kwa Nyachikadza, nditaitanidwa ndi bambo anga aang'ono pa nkhani imene anati siingakambidwe pa foni. Nkhani yake inali kalata. Mlongo wanga, mwana wawo wachiwiri, amene anakhoza mayeso a fomu 4 koma akadali pakhomo, analandira pa WhatsApp kalata yomulemba ntchito kuchokera ku kampani ina ya makompyuta ya kunja.

Ndinene chilungamo, kalatayo ndi yokongola. Ine sukulu ya ukachenjede ndinaisiyira panjira, koma makalata ndaonako ndithu, ndipo yotere sindinailandirepo. Masamba anayi, chizindikiro cha buluu pamwamba, zithunzi za achinyamata akuseka pamaso pa makompyuta m'nyumba ya magalasi okhaokha, chidindo chofiira pansi, ndipo dzina la mlongo wanga m'zilembo zagolide. Bambo aang'ono, amene Chingerezi sachimva, anagwira foniyo ndi manja awiri. "Mwana wanga," anandifunsa, "kodi munthu wabodza angataye nthawi kukongoletsa chinthu chonchi?"

Angataye, bambo, pakuti ntchito yake ndi yomweyo. Mnyamata aliyense wodziwa kompyuta ku Limbe akhoza kupanga kalata yotere nsima isanapse.

Tinakhala pa mphasa n'kuyamba kuiwerenga mzere ndi mzere. Malipiro akuti ndi "okopa", koma nambala palibe. Ofesi ili mu mzinda uti, pa msewu uti, sananene. Maola a ntchito palibe. Dzina la bwana palibe. Amene adzalipire ulendo wobwerera kumudzi satchulidwa. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinalembedwa momveka, ndi nambala yake ndi tsiku lake: ndalama yolembetsera, yoti itumizidwe pasanathe masiku atatu. Ndalamayo ndi mtengo wa mbuzi ziwiri, pa khomo limene khola lake langoyamba kudzuka chichokereni madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Kampani yofunadi luso la munthu imalipira munthuyo, siimulipiritsa. Akuluakulu ananena kale za chikomekome cha mkuyu.

Wina anena kuti ndikuopseza ana. Tamverani tsono. Mu Okutobala 2024 atolankhani a Associated Press anaulula za atsikana pafupifupi 200 a mu Africa, a zaka 18 mpaka 22, ochokera ku Uganda, Kenya, Nigeria ndi maiko ena, amene anakopedwa ndi zithunzi zokongola za Alabuga Start pa intaneti. Anawalonjeza tikiti yaulere, maphunziro ndi ntchito monga za m'mahotela. Mayeso ake anali masewero a pa kompyuta ndi mawu 100 a Chirasha. Atafika ku Tatarstan, m'dziko la Russia, anapezeka akulumikiza ndege zopanda woyendetsa zokaphulitsa ku Ukraine. Kumayambiriro kwa 2025 anthu oposa 7,000, pakati pawo a mu Africa ambiri, anatulutsidwa m'mipanda ya ku Myawaddy m'dziko la Myanmar, kumene ambiri anapita poyesa kuti apeza ntchito ya pa kompyuta, koma anakakamizidwa kubera anthu pa intaneti. Nanga za amayi athu ku Oman taiwala kale? Mu 2024 wailesi ya BBC inaonetsa momwe oposa 50 anapulumutsidwira, ena atalandidwa mapasipoti ndi mabwana awo.

Inu akuluakulu amene munabwerera kuchokera ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi ku Harare pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, nyimbo iyi mukuidziwa. Wenela inkalemba azigogo athu podinda chala pa pepala limene ambiri sankatha kuliwerenga. Pa 4 Epulo 1974 ndege yake inagwa ku Francistown, n'kupha a Malawi 74 ochokera ku migodi, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu, n'kudzatsegulanso mu 1977. Ambiri mwa amene anapita pa TEBA akalamba akulondola ndalama zawo. Komabe pepala la Wenela, loipa momwemo, linkanena miyezi ya kontirakiti ndi njira yobwerera kumudzi. Kalata ya mlongo wanga, ndi golide wake yense, ikuchepera pamenepo.

Ife a ku Nsanje tikanayenera kuchenjera koposa onse. Mu Okutobala 2010 a Bingu wa Mutharika anatsegula doko pa boma pathu, a Mugabe ndi a Rupiah Banda ali pomwepo, zikwangwani zikuonetsa sitima zazikulu pa Shire. Sitimazo sizinabwere. Ife timaolokabe pa bwato.

Lamulo la za ntchito la 2000 limalamula wolemba anthu ntchito m'dziko muno kupereka pepala lonena maina, malipiro, mtundu wa ntchito, maola ndi momwe ntchitoyo ingathere. Lamulo loletsa kuzembetsa anthu tili nalo kuyambira 2015. Chimene chikusowa ndi chakuti malamulowa aoloke mtsinje. Ndikupempha Unduna wa Zantchito kuti uzisindikiza maina a makampani onse ololedwa kutumiza anthu kunja, ndipo mainawo aziwerengedwa pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chisena, azimatidwanso pa ofesi ya DC ndi kwa mfumu yaikulu. Kalata iliyonse yotengera mwana wa Malawi kunja ikhale ndi tsamba limodzi losakongoletsa, m'chinenero chimene makolo ake amamva, lonena ndalama, malo, dzina la bwana ndi wolipira ulendo wobwerera. Boma nalo liyambe lokha kuonetsa chitsanzo. Achinyamata 221 atakwera ndege kupita ku minda ya ku Israel mu Novembala 2023, a Malawi ambiri anamva nkhaniyo mochedwa, ndipo aphungu otsutsa anadandaula kuti panganolo linachitika mobisa. Tinavotera matipate kuti zinthu zotere zizikambidwa poyera.

Mbuzi sizinagulitsidwe. Bambo aang'ono anandithokoza, koma mlongo wanga sanandiperekeze ku dooko. Ndisananyamuke anandipeza kuseri kwa nkhokwe, foni ili m'manja, kalata ija ikadali yotsegula.

"Achimwene, mwati iyi ndi yabodza, ndamva," anatero. "Nanga yoona ija mubwera nayo liti?"