Laputopu Yozima

Makolo anzanga, inu amene muli ndi ana ku UNZA kapena ku Evelyn Hone mudziwa kale kuti ndalama za sukulu sizithera pa fizi. Mwana afunanso laputopu, ndipo ambiri a ife timagula yogwirapo kale nchito m'masitolo a pafupi ndi City Market.

Dziko lathu silinacedwe pa zimenezi. Mu 1994 ZAMNET, yobadwira pa UNZA, inatilumikiza ku intaneti maiko ambiri a mu Africa asanatero. Koma cimene cinasinthadi kaphunzitsidwe ndi mliri wa Covid-19. Makoleji atatsekedwa mu Marichi 2020, aphunzitsi anayamba kuphunzitsa pa Moodle ndi Zoom, ndipo kufikira lero zolemba zambiri za ophunzira zimatumizidwa pa makina.

Apa ndi pamene ana athu amasiyanira. Mu 2024 madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maola oposa 17 patsiku. Nyumba zambiri ku Kabulonga ndi Woodlands zinayatsa sola kapena jenereta. Nanga mwana wa mai wogulitsa tomato pamsika? Anangokhala ndi laputopu yozima, tsiku lopereka zolemba likuyandikira. Mphunzitsi saona mdimawo. Iye aona cabe kuti nchito yacedwa.

Maholo a maparishi ambiri amakhala otseka pakati pa sabata. Bungwe la parishi litaikamo sola, intaneti ndi matebulo ocepa, ophunzira angamalembere momwemo madzulo. Nkhaniyi iyambire ku miphakati, kumene timadziwana kuti ndani ali ndi mwana ku koleji.